Chipinda Nambala Sikisi

Anzanga a ku ofesi anaseka mpaka kugwira nthiti:
tchuthi chokamira m'madzi, mu Lusaka muno?
Mzinda umene mpope umayamba watsokomola
usanalavule dontho?
Ndinawasiya aseke. Ndinakwera minibasi ya ku Chilanga,
chikwama pamiyendo, masiku asanu m'thumba.

Hoteloyo ndi ya zipinda zisanu ndi zitatu,
utoto wake dzuwa linanyambita kalekale.
Kiyi anamangirira ku chipika
kuti isatsagane ndi mlendo.
Fani imazungulira ngati ikuganiza zina.
Thaulo ndi lopyapyala, sopo ndi theka,
koma ukakankha zenera, limene limafuna phewa,
madzi ali pompo,
m'dzenje limene anthu anakumba pofuna miyala
mpaka akasupe anabwera kudzalanda malo.

Mayi Nakamba amalemba alendo m'kope la mwana wasukulu.
M'mawa tiyi, dzira limodzi,
buledi wadzana wowotcha kuti asaulule zaka zake.
Magetsi akathima amabweretsa kandulo pa sosala
n'kupepesa ngati anathimitsa ndi iwo.

Wondiphunzitsa ndi Sikazwe, wa ku Mpulungu,
munthu wa mawu ochepa, wa ndevu za mchere.
Anandimangirira botolo lachitsulo kumsana
monga amberekera mwana wolemera,
zipsepse kumapazi, galasi kumaso.
Lamulo ndi limodzi, anatero: usaumire mpweya.
Upume, utulutse. Wobisa mpweya amaphulika chifuwa.

Tsiku loyamba ndinamwa madzi, ndinatukwana.
Lachiwiri makutu anandibaya ngati zisonga.
Lachitatu ndinatsika.

Pansi kulibe hutala, kulibe kondakitala.
Kuli phokoso la mpweya wanga wokha
ukukwera m'mwamba ngati ndalama zasiliva
zimene sindiyenera kuwerenga.
Timatemba tinabwera kudzandiyang'ana m'galasi,
tinaona kuti ndilibe kanthu, tinapita.
Tayala la thirakitala. Botolo la mowa. Nsapato ya kumanzere.
Kenaka, pa shelefu ya mwala,
wilibala yogona chammbali, ndere zitaiveka bulangete,
ndipo pambali pake hamala,
mpini unawola, mutu wokha.

Amayi anga ankaphwanya miyala.
Osati dzenje lino, lina, kuseri kwa Misisi,
koma hamala ndi yomweyi,
yofupika, yonenepa kumutu,
imene inkagona pansi pa bedi ngati mlendo wolemekezeka.
Mulu umodzi, yunifolomu.
Milu itatu, mayeso a giredi naini.
Fumbi linawakhala m'chifuwa osalipira lendi
mpaka linawatulutsa m'nyumba.

Sikazwe anapinda zala kufunsa: zili bwino?
Munthu sungalire bwino m'galasi,
misozi ilibe kolowera.
Ndinakumbuka lamulo lija. Ndinatulutsa.
Ndinapumanso mpweya wogula,
wouma, wozizira, wokwana,
umene iwo ankausaka usiku wonse atatsamira khoma.
Ndinapinda zala: zili bwino.

Sindinaitole. Ya mwini wake.

Madzulo zovala zarabala zili pa chingwe
pamodzi ndi mashiti a hotelo,
zikudontha ngati anthu opachikidwa ndi kutopa.
Malole a simenti akudutsa pamsewu,
kapu ikunjenjemera patebulo.
Mayi Nakamba akufunsa ngati ndaona ng'ona,
akuti mlendo wina analumbira kuti ilimo.
Ndati ayi, ndaona wilibala.
Aseka. Akuti ndalipira ndalama zonsezo
kukaona wilibala?

Ee, mayi. Ndipo mawa ndibwererako.

Usiku udzudzu wapeza kabowo ka neti.
Achule ayamba msonkhano wawo wopanda wapampando.
Ndagona chagada, tsitsi likununkha dziwe,
bedi likuyandama pang'ono,
ndipo m'chipinda chachisanu wina akutsokomola.
Ndikumvetsera mpaka asiye.